Funsani Azakhali: Kodi ndisamukire ku Blantyre kuti ndikapeze mwamuna wondikonda?

Zikomo Azakhali,

Ndine mwamuna wa zaka 31, ndimagwira ntchito muno mu Zomba ndipo ndimachita lendi m'dera lina la mzinda uno. Chiyambire unyamata wanga mtima wanga umakonda amuna anzanga. Ndinayesapo kupemphera, kusala kudya ngakhalenso kukhala pa chibwenzi ndi mtsikana wina wa ku tchalitchi kwathu, koma palibe chimene chinasintha, ndinangomutayitsa nthawi mwana wa eni ake. Panopa ndinavomereza mmene ndilili, koma ndatopa n'kukhala ndekha. Sindikufuna zocheza usiku umodzi ayi. Ndikufuna munthu wosakwatira, wokhwima maganizo, woti tizidyera limodzi, tizidandaulirana ndi kupatsana nzeru.

Vuto ndi lakuti Zomba ndi wamng'ono. Ukangotsika kabaza pa msika waukulu, wakumana kale ndi mnzako wa ku ntchito, mkulu wa mpingo ndi mlamu wawo wa eni nyumba. Ndinalowapo pa Grindr, pulogalamu ya pa foni yopezerana amuna okonda amuna anzawo, koma anthu ake ndi omweomwewo. Ambiri alibe ndi chithunzi chomwe, ena ndi anyamata ofuna ndalama ya bandulo, ndipo ena ukacheza nawo kwa masiku angapo umatulukira kuti ali ndi mkazi ndi ana kunyumba. Mnzanga wina akuti ndikutaya nthawi, ndipemphe ku ntchito andisamutsire ku Blantyre kapena ku Lilongwe, kumene anthu ndi ambiri ndipo palibe wolabadira za mnzake. Kodi ndisamuke? Nanga kumeneko anthu onga ine amapezana kuti? Komanso amayi kumudzi sakundipatsa mpata, tikangolankhula pa foni funso lawo ndi la mpongozi.

Wosungulumwa, Zomba

Mwana wanga,

Ndikudziwa kuti awerengi ena akhumudwa poona kuti kalata yanu ndaipatsa malo pa tsamba lino. Ndaiyankha chifukwa munthu amene wafunsa mwaulemu za moyo wake ayenera kuyankhidwa moona, ndiponso chifukwa amene alibe womufunsa ndi amene amagwa msanga m'manja mwa akathyali.

Tiyambe ndi malamulo, pakuti malangizo amene sakuyambira pamenepo angakuikeni pa chiswe. Malamulo a milandu a dziko lino, otchedwa Penal Code, amene tinawalandira kwa atsamunda, amaletsabe kugonana kwa amuna okhaokha. Gawo 153 limapereka chilango chofika zaka 14 m'ndende, gawo 154 limapereka zaka 7 kwa amene wayesera kuchita zimenezo, ndipo gawo 156 limapereka zaka 5 pa zimene limazitcha zonyansa pakati pa amuna, kaya zachitikira poyera kapena mseri. Ambiri tikukumbukira nkhani ya Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga, amene anachita chinkhoswe ku Blantyre mu Disembala 2009, n'kumangidwa, ndipo mu Meyi 2010 analamulidwa kukakhala kundende zaka 14, asanakhululukidwe ndi Pulezidenti Bingu wa Mutharika pa nthawi imene mlembi wamkulu wa United Nations, Ban Ki-moon, anali m'dziko muno. Mu 2012 boma la Joyce Banda linanena kuti layamba laimitsa kumanga anthu pa milandu imeneyi, ndipo boma lotsatira linabwereza mawu omwewo mu 2015, koma kuimitsa kumanga sikunali kufafaniza lamulo, ndipo mu 2016 bwalo lalikulu la ku Mzuzu linaimitsa ganizo limeneli abusa ena atakadandaula. Pa 28 Juni 2024, oweruza atatu a bwalo lomasulira malamulo oyendetsera dziko, pa mlandu wa Jan Willem Akster ndi Jana Gonani, anagamula kuti magawo amenewa apitirire kugwira ntchito, ndipo anati owasintha ndi Nyumba ya Malamulo. Choncho lamulo la ku Zomba ndi lomwelo ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Kumene zinasintha ndi kwa anansi athu ena: Mozambique inachotsa chilango chimenechi mu 2015, Botswana mu 2019, ndipo South Africa inalola maukwati a amuna kapena akazi okhaokha mu 2006.

Dziwaninso kuti lamuloli limalanga zochita, silinena kuti mmene mtima wa munthu ulili ndi mlandu. Kukhala ndi anzanu, kucheza nawo, kudyera nawo limodzi kapena kupita ku ofesi ya bungwe loona za ufulu si mlandu. Sindikukuuzani zimenezi kuti mutayirire, koma kuti musamanjenjemere ndi chilichonse, chifukwa anthu oopseza anzawo amadyerera kwambiri amene sadziwa malire a lamulo.

Tsopano za kusamuka. Mnzanuyo akunena zoona pang'ono. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 105,000 mu mzinda wa Zomba, pamene Blantyre anali ndi anthu pafupifupi 800,000 ndipo Lilongwe anatsala pang'ono kufika miliyoni imodzi. Pamene pali anthu ambiri, mwayi wokumana ndi munthu wogwirizana naye umakhalanso waukulu, ndipo woyandikana naye nyumba ku Ndirande kapena ku Area 25 angathe chaka osadziwa kumene mumagwira ntchito. Zomba anasiya kukhala likulu la dziko mu 1975, ndipo chimene chinatsala ndi mzinda wa yunivesite, asilikali, apolisi, ndende ndi maofesi a boma, momwe aliyense ali ndi mnzake wa kusukulu kapena wachibale pa ofesi iliyonse. Zimenezo sindikutsutsa.

Koma anthu a mtima ngati wanu amene amaonekera ku Blantyre nawonso ndi kagulu kochepa, ndipo amadziwana kuposa mmene mukuganizira. Nkhani imene yayamba Lachisanu usiku ku Limbe imakhala itafika ku Chinamwali Lolemba lisanakwane, pakuti minibasi za pa msewu wa M3 zimanyamula anthu omwewo uku ndi uko tsiku lililonse. Amene amapita mu mzinda waukulu ali yekha, wosadziwa aliyense, ali ndi njala ya chikondi ndi malipiro m'thumba, ndiye amene akathyali amamuona msanga. Ine sindingakulangizeni kusiya ntchito yokhazikika, m'nthawi ino imene ntchito zikusowa ndipo lendi ya ku Blantyre ikukwera mosalekeza, chifukwa chongofuna chibwenzi. Kuchokera ku Zomba kukafika ku Limbe ndi ulendo wosafika maola awiri. Mungathe kumapita Loweruka m'mawa n'kubwerera madzulo kwa miyezi ingapo, muone ngati kumeneko kuli moyo umene mukuufuna. Mukadzapeza ntchito yabwino ndi anthu okulandirani, kusamuka kudzakhala ndi mutu.

Mwafunsa kuti anthu amapezana kuti. Dzina la bala, loji kapena malo ena alionse sindilemba, ndipo mukaona nyuzipepala ikulemba mayina oterowo, dziwani kuti sikufunira zabwino anthu opita kumeneko. M'dziko muno mulibe malo okhala ndi chikwangwani ngati a ku Johannesburg kapena Cape Town. Anthu amapezana kudzera mwa anzawo: pa phwando la tsiku lobadwa m'nyumba ya munthu, pa kachakudya ka Lamlungu masana, pa zokambirana za umoyo zimene mabungwe amakonza. Pakhomo pa malo oterowo amakulowetsani ndi munthu wokudziwani, ndipo ichi ndi chifukwa chake ndikunena kuti muyambe mwafuna anzanu, chibwenzi chidzabwere pambuyo.

Taganizirani mmene ukwati umayendera kwathu kuno. Mnyamata akapeza mbeta, pamakhala amalume ofufuza kuti mtsikanayo ndi mwana wa yani, pamakhala ankhoswe odziwa mbali zonse ziwiri, ndipo zinthu zikavuta pali anthu okhala pansi n'kuweruza. Inu zonsezo mulibe. Mukakumana ndi munthu pa foni, palibe amene angakuuzeni kuti ameneyu anabera wina laputopu chaka chatha, kapena kuti ali ndi banja ku Bangwe, kapena kuti akamwa amamenya. Anzanu atatu kapena anayi okhulupirika, a mtima ngati wanu, amene simukugona nawo ndipo simukuwafuna chibwenzi, ndi amene angagwire ntchito ya ankhoswe imeneyi. Iwo ndi amene angakutsineni khutu za munthu woipa, angakudziwitseni kwa munthu wabwino, ndiponso angakuthamangireni pa tsiku la mavuto. Mnzanu amene wakulangizani zosamukayo ndi poyambira. Mufunseni ngati ali ndi anthu amene amawakhulupirira ku Blantyre, ndipo ulendo woyamba mupitire limodzi.

Mabungwe amene akhala akugwira ntchito poyera pa nkhani zimenezi ndi monga Centre for the Development of People, imene ambiri amaidziwa kuti CEDEP, Centre for Human Rights and Rehabilitation, ndi Nyasa Rainbow Alliance ya ku Blantyre, imene inatsogolera ulendo woyamba wa poyera wa amuna okonda amuna anzawo ndi akazi okonda akazi anzawo mu Lilongwe mu Juni 2021. Amenewa si mabungwe opezera anthu zibwenzi, ndipo musapiteko ndi maganizo amenewo. Ntchito yawo ndi ya umoyo, ufulu ndi thandizo la malamulo, ngakhale ntchito zina zinachepa kuchokera pamene boma la America linadula thandizo lake kumayambiriro kwa 2025. Komabe kudzera mwa alangizi awo munthu amadziwana ndi anthu enieni, a nkhope ndi mayina, osati zithunzi za pa foni.

Za Grindr ndi zina zotero sindikuletsani, chifukwa alipo amene anapezana kumeneko n'kukhalitsa, koma muzilowamo maso ali gwa. Pulogalamu imeneyi imasonyeza kutalika kwa pamene pali mnzanu, ndipo mu mzinda waung'ono ngati Zomba, munthu akaona kuti muli pa mamita 300 kuchokera pamene waima, savutika kulingalira nyumba kapena ofesi yanu. Zimitsani mbali imeneyo. Nambala ya foni musapereke msanga. Masimu onse m'dziko muno analembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, ndipo munthu akangoyerekeza kukutumizirani ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, dzina lanu lonse lingathe kuonekera pa foni yake. Akakhala ndi dzinalo, Facebook imamuuza kumene mumagwira ntchito, mpingo wanu ndi nkhope za alongo anu. Chithunzi cha maliseche musatumize kwa wina aliyense, makamaka chooneka nkhope, chipsera kapena chipinda chanu, ngakhale munthuyo atalumbira kuti achifufuta. Amene akukukakamizani kuti mutumize chithunzi choterocho musanaonane n'komwe, kapena amene tsiku loyamba lomwelo wayamba kale kunena kuti amakukondani ndipo amayi ake ali m'chipatala, musiyeni.

Kukumana koyamba kukhale masana, pamalo pamene pali anthu. Amuna awiri akudya tchipisi ndi kumwa Fanta pa lesitilanti, kapena akuonera Bullets ndi Wanderers pa kanema, palibe amene amawacheukira. Musalole kuti akutengereni ku nyumba kwake kapena ku chipinda cha loji tsiku loyamba, pakuti msampha wodziwika kwambiri ndi womwewo: mwangolowa, anzake atulukira, akulandani foni ndi ndalama, akujambulani, ndipo akudziwa kuti muopa kukadandaula. Musamubweretsenso kwanu. Muno mu Zomba anthu amakonda kunena kuti tikwere kuphiri tikapitidwe mphepo, ndipo kunena zoona kumtunda kuja, ku damu la Mulunguzi ndi ku mathithi a Williams, n'kokongola, koma tinjira ta m'nkhalango topanda anthu si poyenda ndi munthu amene mwamudziwa dzulo. Mnzanu mmodzi adziwe kumene mwapita ndi nthawi imene mubwerere, mukhale ndi ndalama yanuyanu yobwererera, ndipo mowa muuchepetse.

Msinkhu wa munthu muutsimikize. Malamulo oyendetsera dziko, chisinthireni mu 2017, amati aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana, ndipo pamenepa palibe zokambirana. Mukakayikira, chokanipo. Anyamata a ku yunivesite amene mukuwadandaulawo ambiri ndi akuluakulu ndithu, ndipo si onse ofuna ndalama, koma munthu wa pa ntchito akamacheza ndi wophunzira amene akusowa ya chakudya ndi ya lendi ku Chikanda, zimavuta kudziwa ngati akukondedwa iye kapena thumba lake, ndipo mnyamatayo naye amavutika kukana zimene sakufuna. Inu mwati mukufuna wokhwima maganizo. Funani wa msinkhu wanu, wodzidalira, ngakhale zitatenga nthawi.

Amuna apabanja ndi ambiri pa mapulogalamu amenewa chifukwa ambiri anakwatira pothawa mafunso onga amene amayi anu akukufunsani. Ndimawamvera chisoni, koma kwa inu ndikuti apeweni. Kunyumba kwawoko kuli mayi amene akunamizidwa, amene sanalakwe kanthu, ndipo inu mudzakhala wa nthawi yotsala mpaka kalekale. Sabisika kwenikweni: amaimba nthawi ya ntchito yokha, foni imazima ikangokwana 6 koloko madzulo, Lamlungu sapezeka, ndipo dera limene amakhala limasinthasintha. Funsani mosapsatira pa kukumana koyamba ngati ali pabanja, ndipo munene chimene inu mukufuna. Ambiri amaopa kunena kuti akufuna chibwenzi chokhalitsa poganiza kuti mnzawoyo athawa. Akathawa ndiye kuti wakupulumutsani ku miyezi yolira.

Mukamupeza munthuyo, musathamangire kukhala nyumba imodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa mwamuna ndi mkazi wokha, kotero kuti chilichonse chimene mungagule limodzi, kaya ndi puloti, galimoto kapena katundu wa m'nyumba, chilibe chitetezo chimene anthu apabanja ali nacho. Mmodzi akamwalira, achibale angathe kubwera n'kusesa zonse. Sungani malisiti, lembani mayina onse awiri pa zimene mwasonkherana, ndipo nthawi ikadzafika mukaonane ndi loya za wilo.

Amayi anu akufunsa chifukwa amakukondani ndipo akuopa kuti mudzakalamba nokha. Simuli okakamizidwa kuwaululira lero, ndipo ine sindingakuuzeni kuti muulule popeza banja lanu mukulidziwa ndinu. Ena ataulula analandiridwa patapita nthawi, ena anathamangitsidwa. Mungathe kuwauza mwaulemu kuti za banja simunakonzeke ndipo mukupempha kuti asakufunireni munthu. Chokhacho chimene ndikukuletsani ndi kutenga mwana wa eni ake n'kumuika m'nyumba kuti akhale chophimba chanu. Munaona kale ndi mtsikana wa ku tchalitchi uja kuti sizitheka, ndipo ukwati ukadzalowapo ana, olira adzachuluka.

Azakhali

*

Azakhali,

Ndithandizeni, ndagwira njakata. Ndinadziwana ndi mwamuna wina wa ku Blantyre pa intaneti ndipo tinacheza pafupifupi mwezi. Ndinamutumizira zithunzi zimene sindikanayenera kutumiza. Tsopano wasintha, akuti ndikapanda kumupatsa K200,000 atumiza zithunzizo kwa abwana anga ndi pa gulu la WhatsApp la mpingo wathu. Ndinamutumizira kale K50,000 koma akufunabe zina. Kupolisi ndikuopa kuti akandimanga ineyo. Sindikugona, ndipo nthawi zina ndimaganiza kuti bola kungofa.

Wothedwa nzeru, Zomba

Mwana wanga,

Ndiyambe ndi mawu anu otsirizawo. Nkhani iyi ndi yowawa, koma ili ndi potulukira, ndipo si yoti mutayire moyo. Lero lomwe, musanachite china chilichonse, pezani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira mumuuze kuti wina akukuopsezani ndipo maganizo ofuna kudzipha akukubwererani. Simukuyenera kufotokoza zonse ngati simungathe. Maganizowo akakula, pitani kuchipatala mukanene kuti mukuvutika maganizo ndipo simukugona. Ku Zomba Central Hospital ngakhalenso ku chipatala cha matenda a maganizo cha muno mu Zomba kuli anthu ophunzira ntchito imeneyi, ndipo kupitako si misala. Usiku musagone nokha masiku ano ngati pali kwa mbale kapena mnzanu kumene mungapite.

Ndalama musatumizenso. Mwaona nokha kuti K50,000 sinamukhazike chete, yangomusonyeza kuti mukaopsezedwa mumapereka, ndipo K200,000 ikapita adzabwera ndi mtengo wina. Musamutukwane kapena kumuchonderera. Jambulani mauthenga onse oopseza, nambala yake, ndi uthenga wotsimikiza ndalama imene munatumiza, pakuti pamenepo pali dzina limene nambalayo inalembetsedwa. Umboni umenewu muusunge pamalo ena osati pa foni yokhayo. Mukatero mutsekeni paliponse, mubise mndandanda wa anzanu pa Facebook, ndipo musinthe manambala achinsinsi. Sindingakulonjezeni kuti zithunzizo sazitumiza, koma woopseza amadziwa kuti akangotumiza, chomudyetsa chatha ndipo umboni womumangitsa wachuluka.

Kufuna ndalama moopseza ndi mlandu waukulu pa Penal Code, ndipo lamulo la 2016 loona za pa intaneti, Electronic Transactions and Cyber Security Act, limaletsanso kuzunza ndi kuopseza munthu kudzera pa foni kapena kompyuta. Wolakwa pa nkhani imeneyi ndi iyeyo. Komabe mantha anu ali ndi chifukwa, popeza mauthenga omwewo angathe kutembenuzidwa kuti akhale umboni wokutsutsani, ndipo lipoti la 2018 la bungwe loona za ufulu wa anthu la Human Rights Watch linafotokoza za anthu a m'dziko muno amene anaopa kapena analephera kupeza thandizo pa zifukwa zomwezi. Choncho musapite nokha. Yambani mwalankhula ndi loya kapena mlangizi wa za malamulo wa ku mabungwe amene ndawatchula m'yankho la pamwambali, kapena ku Legal Aid Bureau, nthambi ya boma yothandiza anthu pa za malamulo, imene ili ndi ofesi muno mu Zomba. Iwo akuuzani zoyenera kunena, zoyenera kusonyeza, ndipo angathe kukuperekezani. Zitachitika kuti mwamangidwa, gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko limakupatsani ufulu wouzidwa chifukwa chake, wokhala chete, woonana ndi loya, ndi wokaonekera kubwalo pasanathe maola 48. Musasayine pepala limene simunaliwerenge ndi kulimvetsa.

Konzekeraninso mumtima zimene mungayankhe zithunzizo zitafika kwa abwana kapena ku mpingo. Mawu ochepa ndi okwanira: kuti pali munthu amene akufuna kukuberani ndalama moopseza ndipo nkhaniyo ili m'manja mwa a zamalamulo. Simuli ndi ngongole yofotokozera gulu la WhatsApp za moyo wanu.

Azakhali

*

Azakhali,

Ndapeza mwamuna mnzanga amene tikugwirizana ndipo tatha miyezi inayi. Ndikufuna tikayezetse magazi koma ndikuopa kuti aganiza kuti ndikumukayikira. Ndikuopanso kuti kuchipatala akatifunsa mafunso ochititsa manyazi, poti anamwino ena timapemphera nawo.

Wofuna kudziwa, Matawale

Mwana wanga,

Mwaganiza bwino. Njira yosavuta ndi kuyamba ndi inu mwini: muuzeni kuti mukufuna kudziwa mmene mulili chifukwa mukufuna kuti chibwenzichi chikhalitse, ndipo mungakonde kuti muchitire limodzi. Munthu amene akukufunirani zabwino sangakwiye ndi pempho lotero, ndipo akakana mobwerezabwereza, kukanako kukuuzeni kanthu.

Simukuyenera kulowa limodzi m'chipinda choyezera kapena kufotokoza kuti ndinu ndani kwa mnzanuyo. Kuyezetsa HIV m'zipatala za boma ndi kwaulere, ndipo mungasankhe chipatala cha kutali ndi kumene mumakhala. Palinso tizipangizo todziyezera nokha kunyumba topaka ku nkhama, timene timasonyeza zotsatira pakatha mphindi 20, koma tikasonyeza kuti kachilombo kalipo muyenera kukatsimikiza kuchipatala. Kumbukirani kuti kachilombo kolowa kumene sikaoneka msanga, choncho bwerezani kuyezetsa pakatha miyezi itatu. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa wachipatala kuulula zotsatira za munthu popanda chilolezo chake, kupatula pa zifukwa zochepa zimene lamulolo linatchula, ndipo limaletsa kusala munthu chifukwa cha kachilomboka.

Nonse mukapezeka mulibe, funsani za PrEP, mankhwala oteteza amene munthu wopanda kachilombo amamwa tsiku lililonse, ndipo amapezeka m'zipatala zina za boma. Mmodzi akapezeka nako, chibwenzi sichinathe: amene akumwa ma ARV mokhulupirika mpaka kachilombo kosaonekanso m'magazi sapatsira mnzake pogonana. Ngozi ikachitika, monga kondomu kung'ambika ndi munthu amene simukudziwa mmene alili, pali mankhwala a PEP amene ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72 ndipo amamwedwa masiku 28. PrEP sateteza ku chindoko kapena chinzonono, kotero kondomu ikufunikabe, pamodzi ndi mafuta ofewetsa opangidwa ndi madzi. Vaseline, mafuta ophikira ndi mafuta odzola zimaononga kondomu. Mukaona zilonda, mafinya kapena kuwawa kumalo obisika, kutsogolo kapena kumbuyo, musagule mankhwala pa msika. Muuzeni dokotala malo enieni pamene pakuvuta kuti akupatseni mankhwala oyenera, ndipo mnzanuyo alandirenso chithandizo nthawi yomweyo. Ngati simuli omasuka ndi chipatala cha pafupi, alangizi a ku CEDEP angakuuzeni kumene kuli achipatala amene anaphunzitsidwa kulandira aliyense mosasankha.

Azakhali